Ziwongolero Zitatu za a Mbewe

Amuna anga, a Hopeson Mbewe, anayendetsa ambulansi ya chipatala cha mishoni zaka makumi atatu ndi zinayi osagunda ngakhale nkhuku. Zimenezi adzakuuzani okha musanawafunse, ndipo mukachedwa kudabwa adzabwerezanso. Chimene sadzakuuzani n'chakuti zaka zonsezo munthuyu sanakwerepo galimoto yoyendetsa munthu wina. Pamaliro, lole ikabwera kudzanyamula anthu, dalaivala amangoona a Mbewe aima pachitseko atatambasula dzanja, kudikira makiyi. Tsiku lomwe anadwala m'mimba mpaka kufunika opaleshoni, anadziyendetsa okha kuchoka kuno ku Nsaru mpaka ku Lilongwe, dzanja lina pachiwongolero lina pamimba, nesi ali kumbuyo akupemphera. Atapuma pantchito anagula njinga yamoto, ndipo kumene njingayo singafike, iwo sapitako.

Ndiye mwana wathu Caroline, yemwe ndi nesi ku Ayalandi, anachira mwezi wa Epulo. Mwana wamkazi, dzina lake Yunisi. Caroline ndi mmodzi yekhayo amene Mulungu anatisiyira, choncho ameneyu ndi mdzukulu wanga woyamba. Ndinkamuona pafoni akuphethira timaso, ine n'kumapsompsona galasi ngati wamisala. Anzanga popita kutchalitchi amabereka adzukulu kumbuyo, ine ndimanyamula foni m'chikwama. Zinkandiwawa, sindinama.

Caroline ndi mwamuna wake, a Frazer, anatikonzera mapepala ndi matikiti a ndege kuti tikapezeke pa ubatizo wa mwanayo mu Ogasiti. Tsiku lomwe anatiuza ndinavina ndekha pabwalo mpaka chitenje kumasuka. A Mbewe sanadzuke pampando.

"Ndegeyo akayendetsa ndani?" anafunsa.

"Akayendetsa oyendetsa ndege," ndinayankha. "Nanga akayendetsa agogo anu?"

"Ndimamudziwa munthuyo?"

"Mukamudziwira komweko."

"Ayi, mayi a Caroline. Sindikwera chinthu chimene sindidziwa kuchiwongolera. Munthuyo akasinza kumwambako, kapena m'mimba mukamupotokola, agwire ndani?"

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Patapita masiku atatu ndinasiya kuseka. Ndekha sindikanatha kupita. Sukulu ndinalekera sitandade folo, ndipo ulendowo unali wosintha ndege ku Adisi Ababa, kumene Caroline anati bwalo lake ndi lalikulu kuposa Nsaru yense ndi msika womwe. Chingerezi cha m'nyumba muno chili m'kamwa mwa a Mbewe. Iwo kukana, ndiye kuti ine mdzukulu ndizimuonera pagalasi mpaka adzamere mano.

Amene anayambitsa mavuto ndi Caroline, ngakhale ankayesa akuthandiza. Tsiku lina pafoni anati, "Abambo, bambo a Yunisi kunotu ali ndi ndege ya pakompyuta. Umakhala pampando m'nyumba, pagalasi n'kumaona mitambo ndi nthaka ngati uli kutsogolo kwa ndege yeniyeni. Patebulo umamangirirapo chiwongolero, n'kumaphunzira kuuluka ndi kutera."

Ndinaona maso a a Mbewe akuwala, mtima wanga n'kunena kuti apa tagwa nazo.

"Chimenecho chibwere kuno," anatero. "Ndikachidziwa, ndikwera."

Anapangana kuti mnzake wa Caroline, Faith, yemwe ankabwera kutchuthi kwawo ku Namitete, adzanyamule laputopu yokhala ndi ndegeyo m'kati, ndi chiwongolero chimodzi. Chimodzi basi, chifukwa katundu wa m'ndege amamuyeza pasikelo ngati fodya. Ziwongolerozo zilipo zamitundumitundu, ndiye a Mbewe anayenera kusankha Faith asananyamuke. Anali ndi masabata atatu.

Ndikuuzeni za mkamwini wangayu. A Frazer ndi mwana wa ku Nambuma, woleredwa bwino mpaka kupitirira muyeso. Mwambo wakuti mkamwini ndi mpongozi wake wamkazi sayang'anana kumaso anapita nawo mpaka ku Ulaya. Akaimba foni ya vidiyo ine n'kutulukira, iwo amatembenuzira foniyo kudenga. Denga la nyumba yawo ndinkalidziwa bwino: loyera, lili ndi nyale ya mababu atatu, limodzi lakufa. Koma nkhope ya mwini nyumba, ayi. Kwa a Mbewe nako, mkamwiniyu anali ndi yankho limodzi lokha pa nkhani iliyonse: "Zoonadi, apongozi."

A Frazer anatumiza zithunzi zitatu, n'kuimba kuti alongosole. Anati chiwongolero cha ndege sichimangokhotera kumanja ndi kumanzere ngati cha galimoto. Ukachikokera pachifuwa ndege imakwera, ukachikankha imatsika, ndipo ukachisiya chimabwerera chokha pakati. Choyamba chinali kandodo kafupi koima chilili, kogwira ndi dzanja limodzi, ngati mthiko wodulidwa. Chachiwiri chinali cha nyanga ziwiri, chapulasitiki, chopepuka. Chachitatu chinalinso cha nyanga ziwiri koma chachitsulo, cholemera.

A Mbewe anavala magalasi, n'kuyamba ndi kandodo kaja.

"Iyitu ndi giya yopanda galimoto."

"Zoonadi, apongozi."

"Chachiwirichi n'choseweretsa ana. Ndikangoyetsemula chithyoka."

"Zoonadi, apongozi."

"Chachitatuchi chikuoneka chaulemu. Koma kodi sichigwedera? Chiwongolero chogwedera chinapha anthu ambiri."

"Ena amati chimagwedera pang'ono, ena amati sichigwedera, apongozi."

"Nanga inuyo mukuti bwanji?"

"Ine ndikuti monga mwaneneramo, apongozi."

A Mbewe anali asananene kanthu, koma anagwedeza mutu mokhutira ngati mlandu watha. Kenaka anavula magalasi aja.

"Chiwongolero sasankha pachithunzi," anatero. "Chimafunika manja achimve. Ngakhale mayi a Carolinewa sindinawasankhe pachithunzi."

"Mukanandiona pachithunzi bwenzi mukusankhabe mpaka lero," ndinatero ndili patali ndi foni.

A Mbewe anawauza a Frazer kuti atumize miyeso ya ziwongolero zonse zitatu, kutalika, kutambalala ndi kulemera komwe. Mkamwini wanga, munthu wa ntchito yake, anapita kusitolo ya azungu ndi tepi n'kukayeza. A Mbewe anakwera njinga yamoto kupita ndi miyesoyo kwa a Evance, kalipentala wa pamsika. Patatha masiku anayi anabwera ndi ziwongolero zitatu zamatabwa atamanga kumbuyo. Chachitatu anachikhomera chitsulo cha pulawo yakale kuti chilemere ngati mwini wake.

Tsiku limenelo ndinali kudimba. Pobwera ndinapeza tebulo langa, lodyera alendo, lomwe ndimaliyala nsalu pa Khirisimasi pokha, lili pakhonde. Analikhomera thabwa loima, loboola pakati, n'kulowetsamo mpini wa khasu. Kumapeto kwa mpiniwo ndi kumene ankavekako ziwongolero zija mosinthanasinthana.

"Mayo, tebulo langa!"

"Ndi misomali isanu ndi umodzi yokha," anatero. "Nsalu ibisa."

Ndinameza mawu. Ndinaganiza za Yunisi, ndinameza.

Panatsala vuto limodzi. Chenicheni chija chimabwerera chokha pakati, ndipo m'mwamba muli mphepo yolimbana ndi woyendetsa. A Mbewe anadula mphira ya chubu cha njinga, n'kumanga kumapeto kwina kwa mpini. Poyamba anamangirira mphirayo kumzati wa khonde, koma anati mzati ulibe nzeru, sudziwa kukoka ndi kulekerera. Anayang'ana uku ndi uku pabwalo, maso awo n'kudzaima pa ine.

"Mayi a Caroline, inu mukhala mphepo."

Abale, ine Elube, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi zinayi, msungichuma wakale wa bungwe la amayi pa parishi, ndinakhala pamphasa kuseri kwa tebulo, mapazi nditaponda miyendo yake, mphira nditakulunga m'manja. Mtedza wanga unali m'matumba wosaswa. A Mbewe anavala chipewa chawo cha ku ambulansi, n'kukhala pampando, n'kuyamba kuliza injini ndi pakamwa.

"Vuuuuu! Tikunyamuka! Mphepo ichuluke!"

Ine n'kukoka.

"Aa, mphepo yanji yofooka ngati sinadye? Tili pamwamba pa Kabudula, kokani!"

Ine n'kukokanso, mano nditaluma.

"Pang'onopang'ono, mayi, mugwetsa ndege! Muli anthu m'menemu!"

Kandodo kaja anakataya tsiku loyamba lomwe, kanakakhala chopingira chitseko cha khola la mbuzi. Nkhondo inatsala pa ziwiri zanyanga. Lolemba ankati chopepuka n'chabwino pokwera koma potsika chimathamanga. Lachiwiri ankati cholemera n'chokhulupirika koma chimatopetsa mapewa, nanga ulendowo ndi wautali. Lachitatu ankabwerera ku chopepuka. Madzulo ndikafunsa kuti mwasankha chiti, ankayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'manja mwanga munatuluka matuza.

Nyumba yathu ili m'mbali mwa njira yopita kumjigo. Anthu odutsa anayamba ndi kuchepetsa liwiro, kenaka anayamba kulambalala n'kumadzera m'munda wa eni ake. Ine sindinaganize kanthu, mutu unali pa mphira. Sabata yachiwiri, Lachinayi masana, ndinaona Mayi Doreen, wapampando wa mphakati wathu, akulowa pabwalo atafumbata botolo la madzi odalitsa. Amayi ena awiri anaima kumpanda, kolona ali m'manja.

Anatipeza tili m'mitambo ya ku Tanzania.

"Zikomo kuno," anatero Mayi Doreen.

"Dikirani titere," anayankha a Mbewe osacheuka.

Anadikira ndithu, ataima. Titatera anandikokera pambali n'kundinong'oneza.

"Mayi Mbewe, ndabwera ngati mnzanu. M'mudzi muno mwadzaza nkhani yakuti kuno mukupanga ndege. Ngati akukukakamizani, nenani, Bambo Mfumu akuthandizani."

Kwathu kuno ndege yopangira pakhonde, ya mpini ndi mphira, yokwera nkhalamba ziwiri, aliyense amadziwa dzina lake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilongosole, koma a Mbewe anandichita changu.

"Musade nkhawa, mayi," anatero mwaulemu wonse. "Apa tikungoyeserera. Ulendo weniweni ndi wa mu Ogasiti."

"Yesu Maria!"

"Eya. Tikatera kaye ku Adisi Ababa, kenaka n'kupitirira. Mkamwini wathu ndiye akutiphunzitsa."

Mayi Doreen sanadikirenso. Anatsegula botolo n'kuwaza tebulo, ziwongolero, a Mbewe, ine, ngakhale nkhuku yomwe inkangodzidutsira. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga matikiti ndi mapasipoti, ndinawaonetsa chithunzi cha Yunisi, ndinalumbira pa dzina la malemu mayi anga. Anamvetsera, n'kunena kuti chabwino, koma potuluka anayenda chafutambuyo mpaka kumpanda. Lamulungu kutchalitchi benchi yomwe timapanikizana amayi asanu ndi atatu ndinakhalapo ndekha. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Ndinapirira. Ndinati bola asankhe, chibwere, aphunzire, tikwere.

Linafika Lachisanu lomaliza. Faith ankalongedza katundu tsiku lomwelo. Cha m'ma fili koloko masana Caroline ndi a Frazer anaimba kuti amve yankho. Foni tinaitsamiritsa pa kapu patebulo, ine ndili pamalo panga pamphasa. A Mbewe anati ayese komaliza cholemera chija, ndipo analamula mphepo yamkuntho. Ndinakoka mphira mpaka kumapeto kwa mphamvu zanga, iwonso anakokera chiwongolero pachifuwa, tili ndi ndi ndi.

"Abambo, mwasankha chiti?" anafunsa Caroline.

"Mwana wanga, nkhaniyi ndi yaikulu," anatero a Mbewe akupuma mwabefu. "Ndamva kuti palinso zopondera za kumapazi. Munthu sangasankhe za manja asanaone za mapazi. Eti, a Frazer?"

"Zoonadi, apongozi."

"Komanso thabwa la chachiwirichi a Evance anasema laliwisi, ndiye kulemera kwake kukunama. Afunika aseme china. Ine ndikuona kuti ubatizowo muusunthe. Khirisimasi si patali. Kapena chaka chamawa, mwana atakhwima."

Pamenepo ndi pamene maso anga anatseguka. Munthuyu sankasankha chiwongolero ayi. Ankabisala kuseri kwake. Masabata atatu onsewa ankangofuna kuti tsiku lidutse, ndege ipite, iwo atsale pakhonde ndi ulemu wawo. Mtima unandipsa mpaka m'makutu.

Ndinangotsegula manja.

Mphira inalira thwa! A Mbewe anapita chagada ndi mpando womwe, chiwongolero chili pachifuwa, miyendo m'mwamba. Chipewa chinagubuduka mpaka pabwalo. Sindinawadzutse. Ndinaimirira n'kutenga foni ija m'manja. Nthawi yomweyo pagalasi panaoneka denga ndi mababu ake atatu.

"A Frazer," ndinatero, "tsitsani foniyo. Ndiyang'aneni."

"Amayi!" anakuwa Caroline.

"Iwe khala chete, ndikubwera kwa iwe."

Denga linayamba kutsetsereka pang'onopang'ono. Panaoneka khoma, kenaka chipumi, kenaka maso awiri ochita mantha. Zaka zisanu ndi chimodzi ali pabanja ndi mwana wanga, ndinali ndisakudziwa kuti mkamwini wanga ali ndi ndevu.

"Lero mwambo ukhale kaye pansi," ndinatero. "Ndikufunsani mafunso, ndipo mukangonena kuti zoonadi, ndibwera komweko wapansi. Ndege imene tikakwereyo, chiwongolero chake ndi chiti mwa zitatuzi?"

Munthu anatuluka thukuta ali kudziko lozizira.

"Zimatengera ndege yake, amayi. Zina zili ndi cha nyanga. Zina zili ndi kandodo kaja."

"Kati?"

"Kamene apongozi anati ndi giya."

"Kali kukhola la mbuzi kameneko. Nanga woyendetsa akasinza, a Mbewe adzawaitana kuti agwire?"

"Oyendetsa amakhala awiri, amayi. Wina akadwala, mnzake amagwira. Komanso ulendo wambiri ndege imadziyendetsa yokha, iwo amangoyang'anira."

"Onse awiri akadwala?"

"Amadzitsekera m'chipinda chawo, amayi. Chitseko chake sichitsegukira kunja. Wokwera akalimbana nacho amamumanga manja mpaka ndege itatera, n'kumupereka kwa apolisi."

"Zimenezi mwazidziwa liti?"

"Kuyambira kale, amayi."

"Ndiye masabata atatu ine ndakhala mphepo, tebulo langa lakhomedwa misomali, mtedza sunaswedwe, anthu akundithawa kutchalitchi ngati mfiti, inu mukudziwa kuti zonsezi n'zachabe?"

"Zoonadi, amayi," anatero, kenaka n'kugwira pakamwa.

Caroline anayamba kulongosola kuti ankayesa kuti bambo ake akasewera ndi ndegeyo mtima ukhala pansi. Ndinamuuza kuti amuuze Faith anyamule zake zokha, kuno kusabwere laputopu, kusabwere nyanga, kusabwere ndodo. Ndinadula foni.

A Mbewe anali atadzuka n'kukhala pansi, atatsamira khoma. Anamva zonse. Ine moto unali usanazime.

"Paja amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda," ndinatero. "Inu muthera pakhonde pano. Ine ndipita ndekha. Ndikasochera ku Adisi Ababa ndikasochera, ndizikagulitsa tomato komweko, koma sindifa ndisananyamule mdzukulu wanga chifukwa cha matama a dalaivala."

Ankangoyang'ana manja awo. Ndinatembenuka kuti ndilowe m'nyumba.

"Elube."

Ndinaima. Dzina limenelo anasiya kunditchula Caroline asanabadwe.

"Elube, si matama. Ndikuopa."

Mawu ake anali aang'ono, osati a munthu amene amalanda makiyi pamaliro.

"Zaka zonse zija ndinkatola anthu pamsewu," anatero. "Pa Njewa, pa Msundwe, pamilatho ya kuno. Ndinkawanyamula ndi manja angawa. Ambiri sanalakwe kanthu. Anangokwera, n'kukhala pansi, manja pamiyendo, wina n'kuwalakwitsira. Ndikakhala pampando wopanda chiwongolero ndimawaona onse aja. Mwanayo ndikufuna kumuona, Mulungu akudziwa. Koma miyendo ikukana."

Mkwiyo unandithera pomwepo. Ndinawamvera chisoni amuna anga, chisoni chenicheni, mpaka ndinakhala nawo pansi pafumbipo. Koma chisoni sichikweza munthu ndege.

"Nanga ine?" ndinafunsa. "Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala pambali panu, mumsewu wa Kabudula nthawi ya dzinja, galimoto ikuvina m'matope. Pano ndimakhala kumbuyo kwa njinga yamoto. Mumayesa sindinkaopa?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Munkaopa? Ndikuyendetsa ine?"

"Tsiku lililonse."

"Ine amene sindinagundepo nkhuku?"

"Nkhukuzo ndi zimene zinali zochenjera."

"Ndiye munkagwira chiyani?"

"Chilichonse chimene chili pafupi. Mpando, kolona, malaya anu. Kukwera nayonso ndi ntchito, bambo a Caroline, ndipo ntchito imeneyo mphunzitsi wake ndine. Sukulu iyamba Lolemba."

Tinayamba ndi kabaza, kuchoka pamsika kufika kunyumba. Wakabazayo anafika thukuta lili kamukamu, akuti madalawa amakhotetsa thupi njinga isanakhote, ndipo amatsitsa phazi paliponse pamene aona mwala. Sabata yotsatira tinakwera minibasi pa Msundwe kupita m'tauni. Ndinawaika mpando wakumbuyo kwenikweni, pakona, ine n'kutseka potulukira. Ulendo wonse ankaponda buleki yomwe kulibe, ndipo pansi pa phazi lawo panali thumba la mapeyala a mayi wina. Akangotsegula pakamwa kuti amulangize dalaivala, ine ndinkawatsina pantchafu. Pofika pa Njewa anali ataphunzira kumeza malangizo. Tinabwereza kanayi. Ulendo wachinayi anatseka maso mphindi ziwiri zathunthu, ndipo potsika anandiuza kuti mnyamatayo giya amaidziwa, kungoti alibe mwambo.

Mu Ogasiti tinafika pabwalo la ndege ku Lumbadzi, iwo atavala jekete ya ukwati wa Caroline. Zonse zinayenda bwino mpaka pakhomo la ndege. Polowa anasuzumira kumanzere, kumene chitseko cha oyendetsa chinali chisanatsekedwe. Pampando panali mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu, akumwa tiyi. A Mbewe anatembenuka kuti atsike. Koma kanjira ka m'ndege n'kopapatiza, ndipo ine thupi Mulungu sanandimane.

"Kutsogolo, bambo," ndinatero. "Anthu akudikira."

Tinakhala, tinamanga malamba. Ndege itayamba kuthamanga ndinamva manja awiri akugwira mkono wanga wamanja, lina pa dzanja lina pachigongono. Itadzutsa mutu, a Mbewe anakokera mkonowo pachifuwa pawo ndi mphamvu zonse. Itapendekera kumanzere, anaupotokolera kumanzere. Ndinafuna kukuwa, koma nditawayang'ana ndinaona maso ali tseke, milomo ikupemphera, thukuta likutsikira m'kolala. Ndinaluma mano n'kuwasiya.

Anayendetsa mkono wanga mpaka ku Adisi Ababa. Kumeneko Chingerezi chawo chinagwira ntchito, anatipezera khomo lathu osasochera, akuyenda monyada ngati bwalolo anamanga ndi iwo. Titakwera ndege yachiwiri ndinawapempha kuti tisinthane mipando, agwireko wamanzere. Anakana, ati wamanja anauzolowera kale. Chakudya ndinadya ndi dzanja lamanzere ngati mwana wosalangizidwa. Ndege ikagwedezeka pang'ono m'mitambo, mkono wanga unkalipira. Titatera ku Dabulini, ku Ayalandi kuja, anausiya, n'kupukuta nkhope, n'kunena kuti, "Tayendetsa bwino."

Tinatuluka pachitseko chachikulu, anthu ali piringupiringu. Ndinamuona Caroline akuthamanga, atafukata kamwana m'shawelo yoyera, a Frazer ali pambuyo maso ali pansi. Sindinapereke moni kwa aliyense.

"Bwera naye," ndinatero. "Ndipatse."

Caroline anatambasula manja kundipatsa mwana. Ndinati ndikweze mkono wamanja. Sunakwere. Unangolendewera pambali, wadzanzi kuyambira paphewa mpaka kuzala. Ndinayesanso, osatheka. Wamanzere wokha unkanjenjemera ndi kutopa, ndipo ndinaopa kumugwetsa. Misozi inangoyamba yokha.

"Ulendo wonsewu," ndinalira, "ndafika, mkono wafa!"

A Mbewe anaika chikwama pansi. Anagwada pomwepo, pakati pa azungu ndi katundu wawo, mawondo akulira kwetche, n'kuika manja awo onse awiri pansi pa shawelo ija.

"Nyamulani inu, Elube," anatero. "Ine ndingochirikiza."

Caroline anamugoneka Yunisi pamkono wanga wamanzere, kamutu kali pachifuwa panga, kathupi kali m'manja mwa agogo ake. Anali wofunda, wonunkhira mkaka, wolemera kuposa mmene ankaonekera pagalasi. Anatsegula maso n'kundiyang'ana, kenaka anakwinya kankhope ngati akuganiza nkhani yaikulu.

Matewera a kumeneko amati sadontha. Bodza. Kamwanako kanatikodzera tonse awiri, ine pachitenje, iwo m'manja mpaka m'mikono ya jekete, ndipo palibe amene anasuntha.